Mavu a M'matabwa a ku Joni

MUTU 7

1. Bokosi la Steward

Bokosi lidafika mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. Lidabwera pa lole ya anthu aja amatenga katundu wa abale athu a ku Joni n'kumatula m'midzi. Adalitsitsa pamsewu pa Liwaladzi, ndipo amuna asanu ndi mmodzi adalisenza mpaka pakhomo pa a Silungwe, kufupi ndi nyanja.

A Silungwe anali msodzi. Kwawo kwenikweni kunali kumapiri a ku Chitipa, koma adatsikira ku Nkhotakota kalekale kutsata usipa. Ana awo anali awiri. Wamkulu anali Steward, amene adapita ku Joni zaka zisanu zapitazo ndipo anali asadabwereko ngakhale kamodzi. Wamng'ono anali Suwilanji, mtsikana wa zaka khumi ndi zinayi, wa Sitandade 8.

M'bokosimo munali injini ya boti. Anthu adabwera kudzaiona, kuisisita, kufunsa mphamvu zake. Koma a Silungwe atangoimanga kuboti, mtima wawo udabwerera ku bokosi lenilenilo. Steward adalikhoma yekha ndi matabwa a paini ochokera kumakina ocheka mitengo kumene ankagwira ntchito. Anali matabwa okhuthala, ena akadali ndi makungwa m'mbali. Pa thabwa limodzi adalembapo ndi penti yofiira kuti: STEWARD SILUNGWE, LIWALADZI, MALAWI.

"Amake Steward, tabwerani muone dzanja la mwana wanu," adatero a Silungwe poitana akazi awo. "Malemba ake akadali opendekera chomwechi, ngati ali kupulayimale."

Ine ndayenda m'midzi yambiri, kuyambira ku Nsanje mpaka ku Karonga, koma sindidaonepo chinthu cha ku Joni chikutayidwa. Chigubu chimatunga madzi, chingwe chimamanga mbuzi, ngakhale pepala lokulungira katundu limakhomedwa pakhoma. Nanji matabwa?

A Silungwe ankamanga nyumba kumudzi kwawo ku Chitipa, pakati pa mitengo ya paini imene malemu bambo awo adabzala. Mitengoyo inali ya banja lonse. Ndi imene inkafolera nyumba za abale, kuphunzitsa ana ndi kuika maliro. Koma nthawi zonse a Silungwe akapita kumeneko, abale ankawafunsa ndi pakamwa potsekemera, "Nanga mnyamata uja ali moyo? Kapena adatchona basi, adakuiwalani?"

"Matabwa awa akhala chitseko cha nyumba ya kumudzi," adatero a Silungwe. "Ndipo malembawa asapalidwe. Aliyense wolowa m'nyumba mwanga aziyamba wawerenga."

2. Kachirombo ka buluu

Padapita milungu iwiri. Lachinayi masana Suwilanji atabwera kusukulu, amayi ake adamutuma.

"Adada ako akuti ukaitane a Fundi Kalilu, adzayeze matabwa mawa. Uyambe wasesa kuseriko, mlendo asapeze nyansi."

Matabwa anali atatsamira khoma kuseri kwa nyumba. Suwilanji akusesa, adaona timabowo tinayi pa thabwa limodzi, tozungulira bwinobwino ngati taboola mmisiri. Pafupi ndi timabowoto panali china chake chikugwedera. Adawerama. Kamutu kakuda kadasuzumira kuchokera m'kati mwa thabwa, kenako miyendo, kenako thupi lonse lidatuluka pang'onopang'ono n'kuima padzuwa.

Suwilanji adathamangira m'nyumba, n'kutenga botolo lagalasi, n'kukavundikira.

"Amama, taonani chimene chatuluka m'matabwa a achimwene!"

"Iwe, taya msanga! Ukufuna ukalowe m'kalasi diso litatupa?"

"Si mavu a patsindwi aja ayi. Si bemberezinso."

"Kaya ndi achibale awo, ine sindikufuna kudziwa. Mtsikana wamkulu ngati iwe kumasewera ndi tizirombo! Pita kumene wakutumako."

Suwilanji sadataye. Adatseka botolo ndi kansalu n'kulibisa m'chitenje.

3. A Fundi Kalilu

A Kalilu anali mmisiri wa matabwa, nkhalamba yowonda ya ndevu zoyera. Anthu ankangowaitana kuti a Fundi. Chala chawo cholozera cha kumanja chinali chodulika pakati. Chidatsala ku Joni, pamakina ocheka mitengo. Suwilanji adawapeza pansi pa mtengo wa mango akupala mwendo wa mpando.

Atapereka moni ndi uthenga wa bambo ake, adatulutsa botolo.

"A Fundi, inu mumadziwa za matabwa. Kodi ichi n'chiyani?"

A Kalilu adalandira botolo akuseka. Atalikweza padzuwa, kuseka kudatha.

"Subhanallah," adatero modabwa, akulankhula ndi kachiromboko. "Wanditsata mpaka kuno?"

Adamuuza Suwilanji akhale pa benchi.

"Wachitenga kuti?"

"Chatuluka m'matabwa a bokosi lija."

"Tamvera tsono, mdzukulu wanga, ndipo umvetsetse, chifukwa izi m'mabuku anu a Sitandade 8 mulibe. Awa ndi mavu oboola paini. Paja akuluakulu amati mavu adapangana kuning'a pakati. Awa pamsonkhanowo padalibe. Taona, thupi langowongoka ngati pensulo, lopanda chiuno. Uyu ndi wamkazi. Umamudziwa ndi buluu wakuda wonyezimirayu, ngati penti ya njinga yatsopano, ndi miyendo yofiirira ngati papaya wakupsa. Nyanga zake ndi zakuda, mapiko ngati tiyi wopanda mkaka. Wamwamuna amavala lamba wofiirira pakati pamimba, ndipo miyendo yake yam'mbuyo ndi yakuda, yonenepa. Ena amakhala aafupi ngati chikhadabo, ena amatalika kufika kachala kanga kodukaka."

"Nanga singano ili kumchirayo? Amama akuti imaluma."

"Saluma munthu ameneyu. Ukhoza kumuika pachikhatho. Bola akadamaluma, anthu akadamuopa. Singanoyo ndi yoboolera mtengo."

A Kalilu adaika botolo pa benchi n'kupukuta manja.

"Ine ndidagwira ntchito zaka khumi ndi chimodzi ku Natal, ku Joni komweko, m'nkhalango za paini zoti ukayenda tsiku lonse osafika kumapeto. Ndidaona ndi maso angawa. Wamkaziyu amatera pa paini wamoyo, makamaka wofooka ndi chilala kapena wobzalidwa mothinana. Amaboola khungwa, n'kuikiramo mazira, n'kuthiramo madzi ena oipa pamodzi ndi chuku chimene amayenda nacho m'mimba. Mtengo umayamba kulira utomoni, kutsetsereka ngati misozi. Masamba amafota, amasanduka achikasu, kenako ofiira ngati dzimbiri. Mtengo wafa uli chiimire. M'katimo mphutsi zoyera, za kaminga kakuda kumchira, zikudya njira zawo mwakachetechete, mwina chaka chathunthu. Ungaudule mtengowo, ungaucheke matabwa, izo zilimo. Zikakhwima zimatuluka pa mabowo ngati amene waonawo, n'kuuluka kukafuna paini wina. Tinkagwetsa mitengo yakufa kuyambira m'mawa mpaka madzulo, phiri lonse lofiira ngati lapsa ndi moto, chikhalirecho moto sudadutsepo."

"Ndiye kwawo ndi ku Joni?"

"Ngakhale kumeneko ndi alendo, ngati mmene tinaliri ife. Mkulu wa zankhalango ankatisonkhanitsa n'kumatiuza. Kwawo kwenikweni ndi ku Ulaya, mbali zina za ku Asia, ndi kumpoto kwenikweni kwa Africa. Kumeneko savuta kwambiri, poti ali ndi adani awo owadya. Koma adakwera sitima zapamadzi atabisala m'matabwa. Adafika ku New Zealand, ku Australia, ku Brazil, ku Argentina. Mu 1994 adawapeza ku Kepi, kunsonga kwa dziko la Joni. Zaka khumi zisadakwane anali atafika ku Natal kumene ndinali ine. Iwe umaphunzira mapu. Ukuganiza kuti timapiko iti tingaoloke nyanja yamchere? Amawaolotsa ndi anthu. Pasipoti alibe, koma malire onse adadutsa, chifukwa nthawi zonse pamapezeka munthu wamtima wabwino wowanyamula osadziwa."

"Kuno ku Malawi aliko?"

"Ine sindidamvepo. Ndipo kuno kunyanja akatuluka angofa okha pakapita masiku ochepa, chifukwa paini kulibe. Mango sawafuna, mgwalangwa sawufuna." Adaima kaye. "Bambo ako akuti chitsekocho ndi cha nyumba iti?"

"Ya kumudzi. Ku Chitipa."

"Kuli paini kumeneko?"

"Nyumbayo ili pakati pa paini. Mapiri onse a kwathu ndi paini."

A Kalilu adatulutsa foni m'thumba la mkanjo, n'kuimbira munthu wina wa zankhalango amene ankamudziwa. Munthuyo anali kutali ndi ntchito ina. Adati afika Lolemba, matabwawo asachoke pamene ali, ndipo ngati sangasungike, aotchedwe.

"Botolo lisiye kuno, akaone yekha," adatero a Kalilu. "Ndibwera mawa ndikatuluka kumzikiti."

4. Mawu pa bwalo

Lachisanu masana a Kalilu adafika ndi tchizulo ndi hamala, koma tepi yoyezera sadatenge. Anthu oyandikana nawo anali atasonkhana kale, kufuna kuona chitseko cha ku Joni chikuyamba. A Silungwe adayala matabwa pabwalo, la dzina lija pamwamba.

A Kalilu adasankha thabwa la makungwa, n'kubenthula m'mphepete. M'kati munali njira zodzaza ndi ufa wothinana, ndipo kumapeto kwa njira imodzi kunali mphutsi yoyera, ya kaminga kakuda kumchira. Adaiika pachikhatho, n'kufotokoza zonse zimene adauza Suwilanji dzulo lake.

"Mphutsi?" adatero a Silungwe. "A Fundi, mukundiyalutsa pamaso pa mudzi wonse chifukwa cha mphutsi? Mango timadyawa mulibe mphutsi?"

"Mango mumadya nokha, a Silungwe. Izi mukadyetsa phiri lonse. Dikirani Lolemba, wa zankhalango abwere aone."

"Mwauza kale aboma? Za pakhomo panga?"

"Si za pakhomo panu zokha. Mitengo ya kumene matabwawa akupitako si yanu nokha. Muli ana amasiye a abale anu m'mitengo imeneyo, muli malata a anthu ena, muli sukulu ya ana ena. Mukatula matabwawa pamenepo, chaka chino simuona kanthu. Chaka chamawa muona mtengo umodzi wofiira, mudzati ndi mphezi. Chaka chinacho khumi. Pamene muzidzati tiyitane odziwa, mudzakhala mukuitana anthu odzawerenga mitembo. Ndipo anthu sadzaiwala kuti zidalowa pa chitseko cha yani."

"Mwana wanga wakhala chete zaka zisanu. Lero wandikumbukira, inu mukuti wanditumizira mliri?"

"Steward sadalakwe dala. Ine ndikuyadziwa malo amenewo. Matabwa abwino amawaphika m'ng'anjo kuti tizirombo tife, n'kuwagulitsa. Awa ndi a pamulu wa otsala, amene antchito amangotola ulere."

Apa ndi pamene a Kalilu adaphonya. Zoona zinali zoona, koma adazinena pagulu. Mayi wina adaseka n'kudzigwira pakamwa.

A Silungwe adaimirira.

"Ndiye mukuti mwana wanga adatola padzala? Inuyo mudakhala ku Joni zaka khumi ndi chimodzi. Mudabwerako ndi chiyani? Anzanu amabwera ndi injini, inu mudabwera chala chitaperewera!"

"Chalacho ndidalipira sukulu, a Silungwe. Ndikukuphunzitsani ulere." A Kalilu adatsitsa mawu. "Ndili ndi matabwa a mlombwa kwanga. Ndikupangirani chitseko choti adzukulu anu adzachipeza. Dzina la Steward ndilembapo ndekha."

"Dzanja lanu si dzanja la mwana wanga. Tengani zitsulo zanu. Ku Chitipa amisiri aliko. Lole ya Rajabu yonyamula usipa inyamuka mawa masana, ndipo matabwa awa akwera."

Adatembenukira kwa Suwilanji.

"Ndipo iwe, ndidakutuma kukaitana mmisiri, osati kukagulitsa nkhani za m'nyumba muno. Bweza matabwawa kuseri."

A Kalilu adatola tchizulo chawo. Podutsa pafupi ndi Suwilanji adati, "Ine pakhomo pa eni sindingagwire kanthu. Ndanena, Mulungu wamva." Adapita osatsanzika.

5. Ng'anjo ya a Sofiya

Loweruka m'mawa a Silungwe adakwera minibasi kupita kuboma kukagula mahinjesi ndi loko. Amayi adapita kunyanja kukayanika usipa. Suwilanji adatsala yekha akutsuka mbale.

Atapita kuseri kukataya madzi, adaona mavu awiri akuyenda pa matabwa. Mmodzi anali wa buluu. Winayo anali ndi lamba wofiirira pakati pamimba. Adawapha ndi silipasi, n'kuyamba kuwerenga mabowo. Lachinayi anali anayi. Tsopano adafika pa khumi ndi asanu ndi awiri, n'kusiya kuwerenga.

Kutsidya kwa munda wa chinangwa kunkafuka utsi. A Sofiya, mayi wamasiye woyandikana nawo, anali pa tsiku lachiwiri lootcha njerwa.

Suwilanji adapinda nkhata, n'kusenza matabwa awiri.

A Sofiya adamuona akubwera, n'kuika manja m'chiuno.

"Iwe mwana wa a Silungwe, wasenza chiyani? Si chitseko cha ku Joni chimenecho?"

"Nkhuni, azakhali. Ndamva kuti zakuperewerani."

"Nkhuni za mwano! Bambo ako akudziwa?"

"Ayi."

"Ndiye bwerera nazo msanga. Ine ndikufuna njerwa, sindikufuna milandu."

"Dzulo munalipo. Mudaiona mphutsi ija."

"Ndidaiona. Ndidaonanso nkhope ya bambo ako."

"Mukakana ndikaotchera kuseri kwa nyumba yathu. Koma mphepo iyi mukuiona, ndipo denga lathu ndi laudzu."

A Sofiya adapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje.

"Utsi uwu wandipha maso, sindikuonanso kanthu. Ndikupita kumjigo ndikasukusule. Mzere wa kumeneko ndi wautali, ndichedwa."

Adatenga ndowa n'kumapita. Atayenda pang'ono adacheuka.

"Ulowetse pakamwa pa kumanjapo, ndi pamene moto wafooka. Ndipo usayandikize chitenje."

Suwilanji adayenda maulendo asanu ndi umodzi. Paini sachedwa kugwira moto. Ankangoti akalowetsa thabwa, lawi lalilandira kale, utomoni ukuthetheka. Thukuta lidamunyowetsa msana, ndipo zisonga za matabwa zidamulasa m'manja.

Thabwa la dzina adalisiya lomaliza. Adalitsamiritsa pa njerwa n'kuliyang'ana mbali zonse, kufuna kuti mwina likhale labwino. Pakati pa STEWARD ndi SILUNGWE panali bowo. Kumbuyo kunali ena awiri.

Adawerenga malembawo mokweza, ngati mmene Steward ankamuwerengetsera pamchenga asadayambe sukulu. Kenako adalinyamula ndi manja awiri n'kulikankhira m'ng'anjo. Penti yofiira idatupa matuza, n'kuda.

Adabwerera kunyumba, n'kusesa pamene panali matabwa, n'kukhala pakhonde kudikira.

6. Malo pa lole

A Silungwe adafika dzuwa lili pamutu, jumbo ya mahinjesi ili m'manja, akuimba kanyimbo ka kutchalitchi. Amayi anali atangobwera kumene kunyanja. A Silungwe adazungulira kuseri. Nyimbo idaduka.

Adabwerera pang'onopang'ono.

"Matabwa ali kuti?"

Suwilanji adagwada.

"Ndaotcha, adada. M'ng'anjo ya njerwa. A Sofiya kunalibe, anali kumjigo. Ndachita ndekha."

"Mayo ine!" Amayi adagwetsa dengu. "Suwilanji, wapenga?"

"Onse?" adafunsa a Silungwe. "Ndi la dzina lomwe?"

"Linali ndi mabowo atatu."

Suwilanji adayembekeza mbama. Siidabwere. A Silungwe adakhala pansi pa tsinde la khonde, adatulutsa mahinjesi m'jumbo, n'kuwayala pamchenga limodzilimodzi. Loko adaitsegula, n'kuitseka, n'kuitsegulanso.

"Wakutuma ndi nkhalamba ija?"

"Sadanditume. Adangondiuza zimene zimachitika. Mitengo ya agogo ikadafa, adada. Ndi ya anthu ena yomwe."

"Ikadafa. Udaiona ikufa? Iwe udangomva nthano ya munthu wodulika chala, n'kuotcha chinthu chokhacho chimene mlongo wako adagwira ndi manja ake zaka zisanu zonsezi. Injini adagula m'sitolo. Bokosi adakhoma yekha."

Suwilanji adaweramitsa mutu. Misozi idagwera pamchenga, koma sadapepese.

"Kwa Rajabu ndidasungitsa malo a katundu," adatero a Silungwe. "Malo amenewo sapita opanda kanthu. Lowa ukalongedze zovala zako."

"Abambo ake Steward!" adakuwa amayi. "Mwanayu ali m'kalasi ya mayeso!"

"Ku Chitipa sukulu ziliko. Wasankha mitengo kusiya mlongo wake, akakhale nayo mitengoyo. Ukafika ukawauze wekha azakhali ako chifukwa chimene nyumba yanga ilibe chitseko. Ine pakamwa panga patopa ndi kuwayankha."

Amayi adalira, adapempha, adatchula dzina la Mulungu ndi la malemu apongozi awo. A Silungwe adangoyang'ana kunyanja.

Itakwana thiri koloko anali ataima pamsewu, pafupi ndi lole yodzaza matumba a usipa. Suwilanji anali ndi chikwama cha kusukulu kumsana ndi kamtolo ka zovala m'manja. A Rajabu, mwini lole, bambo wamimba yaikulu ndi kachipewa koyera, adayang'ana uku ndi uku.

"A Silungwe, katundu uja ali kuti?"

"Ndi ameneyu."

"Ha! Matabwa a ku Joni amera miyendo?" A Rajabu adaseka okha. Ataona kuti palibe wowathandiza, adakhosomola n'kukamanga zingwe.

A Silungwe adayandikira mwana wawo. Sadakweze mawu.

"Ndipo usaganize kuti wapulumutsa kanthu. Mitanda inayi ya pansi pa bokosi, yokhuthala ija, idapita kale ku Chitipa Lolemba lapitali pa lole yomweyi, iwe uli kusukulu. Womanga ankafuna felemu kuti amalize khoma. Waotcha chitseko changa pachabe."

Adatembenuka n'kulowera njira ya kunyanja, osacheuka.

Suwilanji adathamangira kumbuyo kwa lole.

"A Rajabu, mitanda ya Lolemba ija mudaitsitsa pati?"

"Pamalo abwino, mwanawe, usadandaule. Ine katundu wa anthu ndimasamala. Ndidati padzuwa ipindika, ndiye tidaisanja pamthunzi."

"Mthunzi wa chiyani?"

"Wa mitengo yanu ija. Pansi pa paini penipeni, pozizira bwino."

"Inali ndi mabowo?"

"Timabowo tinalipo, koma matabwa olimba zedi. Bwanji kodi?"

"Tikafika liti?"

"Mawa madzulo, Inshallah, ngati matayala atikonda."

Amayi adamugwira dzanja, akufuna kumuuza mawu otsanzika, koma Suwilanji anali ataponya kale kamtolo kake pamwamba pa matumba. Adaponda tayala, n'kukwera.

"Amama, mukawauze a Fundi kuti mavu ena adadutsa kale m'mitanda, ali ku Chitipa. Amuuze wa zankhalango uja asadikire Lolemba." Adamenya bodi ya lole ndi chikhatho cholasidwa chija. "A Rajabu, zingwezo zakwana. Tiyeni."